Egusi ndiphika ndekha

Lolemba
Tamanda, mwana wanga mmodzi yekhayo, akuti Lamulungu lino abwera ndi Chidi, mnyamata wa ku Nigeria wofuna kumukwatira uja, pamodzi ndi mayi ake. Akuti, "Amayi, musavutike, iwo amakonda egusi, inu simungathe." Ine osatha? Ndafunsa kuti egusiyo n'chiyani, akuti ndi ndiwo zotendera ndi nthanga za mavwende. Basi? Ndinayamba kutendera nkhwani iyeyo asanabadwe. Ndiphika, ndipo sindifunsa munthu.

Lachiwiri
Nditaweruka kosamalira okalamba ndakwera sitima mpaka kumsika ku Leeds. Mavwende atatu, mikono yonse kuwawa. Kufika kuno ku Wakefield, kudula, mulibe nthanga! Ngakhale imodzi! Kodi azunguwa amadzala chiyani?

Lachitatu
Ndapeza ena a nthanga. Bambo a Tamanda ndawapatsa ntchito yodya ndi kulavulira m'mbale. Chakudya cha lero:
m'mawa, mavwende
masana, mavwende
madzulo, akana.
Akuti yawatopetsa njira ya kuchimbudzi. Amuna ena ulesi!

Lachinayi
Dzuwa kulibe, mvula yokhayokha. Nthanga ndayanika pa hita, nyumba yonse ikununkha ngati sokosi zonyowa. Tamanda waimba foni: "Amayi, egusi amagulitsa m'paketi kushopu." Paketi! Asewere anga akanene kwawo kuti ndinawaphikira za m'paketi? Sizitheka.

Lachisanu
Mtondo ndilibe, ndikusinja ndi botolo m'poto. Aneba a pansipa akugogoda denga lawo ndi tsache. Agogode! Ufa watuluka wakuda, sunadzaze ndi kapu yomwe.

Loweruka
Ndaphika zoyesera: mafuta, nsomba zouma, sipinachi, tsabola, ufa wanga uja. Zikuoneka ngati matope a pachithaphwi, makoko akukanirira m'mano. Tamanda wabwera kudzationa, wasuzumira mumphika. "Amayi, si mtundu umenewu wa mavwende, komanso nthangazo amayamba asenda." Nanga Lolemba lija pakamwa panali potupa? Ndathiramo nsinjiro zochuluka. Iyi ndi egusi ya ku Dedza, wosafuna asiye.

Lamulungu
Asewere afika atanyamula mphika wawo wokulunga m'thaulo. Alipo anawatsina khutu, ndipo ndikumudziwa. Zanga alawa supuni imodzi, mwaulemu, n'kumwera madzi ambiri. Bambo a Tamanda, opanda manyazi, za asewerezo achita kuwonjezera.

Zonsezo ndikanapirira. Koma ndili kukhitchini ndamva Tamanda akuti, "Mami, mudzandiphunzitse kuphika zimenezi." Ndayankha mokweza, "Ee mwanangu!" Kusuzumira, sakunena ine. Zandipweteka kwambiri.

Zotsala asewere atisiyira. Ndadya nditaimirira, chitseko chotseka. N'zokoma, koma sindiwauza.