Chigoba cha a Don Cleto

Funsani aliyense amene anadutsa pa yunivesite yathu ya mumzinda wa Xela zaka zimenezo, akuuzani chinthu chimodzi chokhudza malemu a Don Cleto Pac: ankaphunzitsa masamu ali chosavala nsapato. Zikanakhala za iwo okha tikanangoti ndi misala yawo. Koma ayi, tsiku loyamba kalasi yonse inkavula.

Phunziro lawo linali la chaka choyamba, lija lofotokoza kumene masamu anachokera ndi ntchito yake pakati pa anthu. Tonse tinkalitenga mokakamizidwa. Ine Rosenda ndinkafuna unamwino, ndipo masamu ndinkadana nawo koopsa, moti ndinakakhala kumbuyo kwenikweni. Unali m'mawa wa Januwale, mwezi wozizira kwathu kuno, udzu uli mbuu ndi chisanu. Kunalowa kamdala kafupi, ka jekete yotuwa yotupa matumba.

"Vulani nsapato, ana inu."

Tinayang'anana.

"Ndi masokosi omwe. Makolo athu a mtundu wa Amaya ankawerenga munthu wathunthu, zala za m'manja ndi za kumapazi, n'chifukwa chake ankaunjika zinthu makumi awiriawiri. Azungu analekezera pa khumi chifukwa cha ulesi wowerama."

Fungo limene linabuka m'chipindamo, ngakhale ntchentche zinapempha njira. Koma ola lisanathe tonse tinali titawerama, tikugwira zala zathu zouma ndi chisanu, tikuseka mpaka misozi.

Mbiri ija inawapeza akulu a nthambi yathu, bambo wa tayi ndi mafuta onunkhira, ndipo anabwera kudzaona okha.

"A Pac, ino ndi yunivesite kapena dambwe losambira?"

"Lowani, bwana, koma wovala nsapato muno amalekezera pa khumi. Vulani imodzi yokha, ana aone kuti akuluakulu saopa masamu."

Maso onse ali pa iwo, abwana aja anavuladi. Chala chachikulu chinali chitasuzumira pachibowo cha sokosi.

"Mwaona, ana inu? Bwana anafika kale pa khumi ndi chimodzi asanalowe n'komwe."

Sanabwerenso chaka chimenecho.

Matumba otupa aja anali a nyemba ndi timitengo. Nyemba imodzi inkaimira chimodzi, kamtengo zisanu. Nyembazo ankaba kukhitchini kwa akazi awo, a Doña Herminia, amene tsiku lina anatulukira pakhomo la kalasi atanyamula mphika wopanda kanthu.

"Bambo inu, lero tidya chiyani? Mayankho?"

"Dikirani pang'ono, mayi, tikuchotsera. Zotsala n'zanu."

Nyengo ya mvula jekete ija inkanyowa, nyemba n'kumera m'thumba. Ndinaona ndi maso angawa kamphukira kobiriwira katatulukira pachifuwa pawo, iwo ali kalikiliki kufotokoza mmene Aiguputo ankayezera minda ndi chingwe madzi osefukira akaphwa. Wina atawauza, anati, "Kasiyeni, kakuchulukitsa."

Koma chuma chawo chenicheni chinali chigoba cha nkhono ya kunyanja, chimene ankachikulunga m'kansalu. Sabata zoyambirira mawu oti ziro anali oletsedwa m'kalasi. Ankati anthu anavutika zaka zambirimbiri asanamupeze, ndiye ife tisamutole ngati tsabola wa pamsika. Tsiku lake litakwana anabwera atapesa tsitsi, n'kujambula mzere patebulo. Pamwamba pa mzerewo anaika nyemba imodzi, pansi pake chigoba.

"Awa ndi makumi awiri. Tsopano ndachotsa chigoba. Nyemba yatsikira pansi, yasanduka chimodzi. Ndiye amene amati ziro ndi chabechabe ndani? Makolo athu ankaika chigoba posunga malo. Chimati: pano palibe kanthu lero, koma malowa ali ndi mwini wake."

Tinawomba m'manja mongowasangalatsa, osadziwa kuti chigobacho tichiona posachedwa chikugwira ntchito.

M'kalasi mwathu munali mnyamata wina, Fermín Coyoy, wosalankhulalankhula, koma nyemba zinkamumvera kuposa tonsefe. Pakati pa chaka anangosowa. Tinamva kuti bambo ake anafa ziwalo, ndipo amalume ake, amene ankayendetsa basi yopita ku Zunil, anamutenga kuti akhale kondakitala, amvekere mabuku sadyedwa. Lamulo linali loti amene wajomba mpaka kutha kwa mwezi umenewo afafanizidwe, ndipo kwathu kuno mwana wa mlimi akatuluka pa yunivesite sabwereranso.

A Don Cleto anamasula kansalu kaja, n'kuika chigoba pampando wa Fermín. M'chipindamo tinali othinana, ena ankakhala pansi, koma wina atayesa kukhalapo anamuthamangitsa ndi kamtengo.

"Sukuona kuti pali munthu?"

"Palibetu, aphunzitsi."

"Ee, palibe. Koma malo ndi ake."

Loweruka m'mawa anatiitanira kokwerera mabasi. Tinamupeza Fermín akulendewera pachitseko, akukuwa, "Zunil! Zunil!" Atationa tikukwera kalasi yonse, anatembenukira kwa a Don Cleto.

"Aphunzitsi, mukufuna kundichititsa manyazi?"

"Manyazi anapha lambe, mwanawe. Waphonya masamu a Ababulo ndi a Amwenye. Koma tiyamba ndi nyemba za makolo athu."

Basi itanyamuka a Don Cleto anaima pakati, dzanja limodzi litagwira chitsulo, n'kukonza kukhosi. Amayi a madengu a anyezi ankayesa ndi mlaliki, ena mpaka anatsinzina. Ataona nyemba anati ayi, ndi wogulitsa mankhwala a njoka za m'mimba.

"Nanga zimenezi timamwa kangati pa tsiku, bambo?"

"Sizomwa, mayi. Tandibwerekani chivindikiro cha dengu lanulo."

Anayala nyemba pachivindikiropo n'kumufunsa Fermín funso. Msewu wa ku Zunil mumaudziwa, ndi wotsetsereka ndiponso wokhotakhota. Pakona yoyamba nyemba zonse zinathawira kumanzere. Anaziyalanso. Fermín, uku akulandira ndalama uku akuponya diso, anasuntha timitengo tiwiri, ndipo yankho linali pafupi kutuluka pamene nkhuku ya mayi wina inatulutsa mutu m'dengu n'kujompha nyemba ya pamwamba.

"Nkhuku yanu yameza makumi awiri, mayi!"

"Ndiye ikwera mtengo," anatero mayiwo.

Basi yonse inafa ndi phwete. Titafika ku Zunil amayi aja anali atamva nkhani yonse, ndipo anawazungulira amalume aja.

"Achimwene, mulibe chisoni? Mwana wanzeru chonchi mukumukuwitsa pachitseko?"

Amalumewo sanagonje. Loweruka lotsatira tinakweranso. Linalo tinakweranso, ndipo amayi a anyezi anabwera ndi nyemba zawozawo. Tsiku limenelo nyemba zinagubuduka mpaka kunsi kwa buleki, amalume n'kuimika basi pambali pa msewu.

"Aphunzitsi, ndakupembedzani. M'mawa uliwonse wa sukulu mutengeni, masana ndi wanga. Koma basi yangayi muisiye!"

Lolemba Fermín analowa m'kalasi mwezi usanathe. Anatola chigoba pampando paja, n'kukachipereka ndi manja awiri. A Don Cleto anangoti, "Wachedwa. Vula nsapato." Ine kumbuyo kuja ndinalira, ndipo sindinali ndekha.

Papita zaka. A Don Cleto anatisiya chaka chatha, atadwala masiku ochepa m'chipatala chimene ndimagwira ntchito. Kumaliro kunabwera maloya, madokotala ndi amayi okalamba a ku Zunil. Sabata yapitayi ndinakawazonda a Doña Herminia. Ananditengera kukhitchini, n'kundisonyeza chitini cha nyemba chodzaza mpaka pakamwa.

"Taona, mwanangu. Zaka zonsezi ndinkalongolola kuti zikutha. Lero sizikutha." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo.

Ndimawasowa, n'zosabisa. Ndikamadutsa pa yunivesite paja ndimaona ngati makonde anakula, ndipo aliyense amayenda mwaulemu wotopetsa. Phunziro lija likadalipo, akuphunzitsa ndi a Fermín Coyoy, amene tsopano ali ndi imvi zawo. Januwale uno ndinapita kukasuzumira tsiku loyamba. Fungo linali lomwe lija. A Fermín amaphunzitsa choimirira, ndipo mpando wa mphunzitsi, uja unali wa a Don Cleto, uli pakona, chigoba chili pamwamba pake. Mtsikana wina wochedwa, atasowa pokhala, anaugwira kuti aukoke.

"Usiye umenewo, mwanawe."

"Koma palibe munthu, aphunzitsi."

A Fermín anayang'ana zala zawo za kumapazi.

"Ee, palibe. Koma malo ndi awo."