Tsiku Limene Goli Linathawa ku Wusakile

Tcherani makutu, inu ana a m'migodi, inu opanikizana m'maminibasi a ku Kitwe, pakuti ndikunena za chaka chija cha fumbi lofiira, pamene bwalo limodzi lampira linatsala pang'ono kung'amba komboni ya Wusakile pakati.

M'masiku amenewo kunali amayi Pauline Sakala, Mkono Wosaphonya, Namondwe wa Netibo, amene anatsogolera timu ya amayi a m'parishi zaka khumi osagwetsapo mpira ngakhale chitenje. Kunalinso a Zacharia Njobvu, Khoma la Madala, amene atapuma ntchito ya mumgodi anakhala goloboyi wa azibambo, mimba yawo yokha ikutseka theka la goli.

Tsono kunafika mtsikana wophunzira wa ku Riverside, dzina lake Karen, ndi nzeru yatsopano: magoli aikidwe matayala, mpira ukatha azikankhidwira pambali, kuti amayi nawo azisewera pabwalo lomwelo. "Koma poyamba, Ba Njobvu," anatero Karen, "muitane onse okhudzidwa, aliyense anenepo."

A Zacharia anaitanadi onse okhudzidwa: alamu awo, mnzawo wowotcherera zitsulo, ndi azibambo asanu okhudzidwa kwambiri ndi mowa. Pansi pa mtengo wa mango, akuluakuluwo anagamula kuti amayi azisewera Lamlungu m'mawa, nthawi ya Misa.

Uthengawo unawapeza amayi Pauline pamsika akugulitsa chikanda. Anamanga chitenje mwankhondo, nasonkhanitsa asilikali awo asanu ndi mmodzi, ndipo nthaka inanjenjemera ndi mapatapata awo.

"A Njobvu!" anafuula. "Ife amene timasesa bwalo lino, amene timadziwa mwala uliwonse ndi dzina lake, mwatiyesa mbuzi zongodutsa? Bwaloli ndi lotsetsereka cha kumadzulo. Mukaika matayala opanda chogwirira, golilo lidzakusiyani!"

A Zacharia anakweza mimba. "Amayi, ine ndakhala pansi pa dziko zaka makumi atatu. Nthaka ndimaidziwira kunsi kwake. Sindingaphunzitsidwe ndi anthu oponyera mpira m'dengu lobooka!"

Amayi Pauline anabwerera mtima ukuwawa. Mpikisano wa ku Ndola unali pafupi, ndipo ankadziwa kuti palibe mayi amene angajombe ku Misa chifukwa cha netibo. Timu yawo inali kufa iwo akuona.

Linafika Loweruka lalikulu loyesa magoli. Anthu anadzaza bwalo, wezulo inalira, ndipo mphepo ya Ogasiti, imene nayonso sinaitanidwe kumsonkhano, inabwera ndi maganizo ake. Goli la kumadzulo linagwedezeka, linalira kwii, kenaka linanyamuka. A Zacharia analumpha nagwira chitsulo chapamwamba kuti aliletse, koma golilo linawatenga, miyendo ili lendelende, kulunjika kungalande yaikulu ya madzi akuda.

"Ligwireni! Ndili ndi adzukulu ine!" anakuwa a Zacharia.

Amayi Pauline anaima m'mbali mwa bwalo, ndipo tinene zoona, theka la mtima wawo linati: asiyeni akaone. Koma anakumbukira kuti goli likathyoka, nzeru yonse yathyoka, ndipo amayi adzakhala opanda bwalo. Anatola njerwa, anaweramira kumbuyo, naiponya. Njerwayo inauluka pamwamba pa mitu ya anthu n'kukagwera ndendende kutsogolo kwa tayala.

Goli linaima. A Zacharia sanaime.

Atawavuula m'ngalandemo, msonkhano weniweni unachitikira pomwepo, Karen akulemba. Analankhula amayi a netibo, analankhula ogulitsa vitumbuwa, analankhula ngakhale woyang'anira tchalitchi. Anagwirizana kuti matayala akhale ndi zokhomera, ndipo amayi azisewera Lachitatu ndi Loweruka masana.

Ndipo panali chikondwerero chimene Wusakile sanachionepo. Njerwa ija anaiveka chitenje, anaikweza pawilibala, kwaya ikuimba patsogolo, munkoyo ukuyenda m'makapu. A Zacharia, atafunda bulangete, anapempha kuti alankhule.

"Abale anga," anatero akuyetsemula, "mbiri isaname. Ine sindinagwe. Ndinapita dala kukayeza kuya kwa ngalande, pothandiza komiti."

Anthu onse anatembenukira kwa Mkono Wosaphonya. Amayi Pauline anameza munkoyo wawo mosafulumira.

"N'zoona," anatero. "Karen, lemba mwana wanga. Ngalande ya ku Wusakile imalekeza m'khosi mwa a Njobvu."