Chiphaso cha sitima chomwe chinandiwotchetsa khutu

Anzanga, mukamandiona nditapendeketsa chipewa kumanzere musamayese ndi fasho. Ndimabisa khutu. Ndipo poti mwakhala mukundifunsa kuti chipsera chimenechi chinabwera bwanji, lero ndinena zoona, koma chonde zithere pompano, zisakafike ku Katawa.

Ine kwathu ndi ku Balaka, mphepete mwa njanji penipeni. Ku Mzuzu kuno ndinabwera kudzagulitsa misomali ndi penti m'sitolo ya zomangira m'tauni, ndipo ndi momwemo ndinakumana ndi Towera atabwera kudzagula loko. Tinakondana, amalume anga anatuma thenga kwa makolo ake ku Katawa monga umafunira mwambo wa kuno, ine nkumati basi zatheka. Zatheka kuti? Bambo ake, a Msiska, yankho lawo linali limodzi lokha, lakuti akuganizabe. Miyezi isanu ndi iwiri munthu akuganiza! Towera anandinong'oneza kuti mdalayo amati anyamata a kummwera pakamwa mpokoma koma zochita palibe. A Msiska ndi mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, ndipo Katawa yense amadziwa kuti sanamvekepo akunama.

Tsiku lina ndili pakhonde pawo, ndikumwa tiyi mwaulemu ngati ndikumwa mankhwala, anandifunsa.

"A Makwinja, ku Balaka kwanuko akuti kumadutsa sitima ya pamtunda?"

Ndinati inde adada, imadutsa kuseri kwa nyumba yathu. Nkhope yawo inasintha. Anandiuza kuti zaka zawo zonse za uphunzitsi ankajambula sitima pabolodi ndi choko, kukopera m'buku, koma ndi maso sanaionepo, poti kumpoto kuno njanji kulibe. "Ana ankandifunsa kuti imalira uli, ine nkumawauza kuti mukamve nokha mukakula. Tsopano maso awa ayamba chifunga. Ndimafuna chomene ndidzaione asanatheretu."

Pamenepo munthu wanzeru akanati pepani adada, nkupitiriza kumwa tiyi. Koma pakamwa panga pali ndi moyo wakewake. Ndinangodzimva ndikuti, "Aaa, zimenezo nzazing'ono. Malemu bambo anga ankayendetsa sitima. Ine ndili ndi chiphaso chokwerera ulere."

Zoona zake nzakuti bambo anga ankamanga mabawuti a njanji ndi kutchetcha udzu m'mbali mwake. Sitima ankangoibayibitsa ikamadutsa. Koma chiphasocho chinalipodi, kakhadi kamene a njanji ankapatsa ana a antchito awo, ndipo ndinkakasunga m'Baibulo monga chikumbutso cha malemu. Pa kakhadipo pali chithunzi changa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, mutu wometa mpala, makutu ngati zogwirira poto.

Mawa lake ndinapita nako. A Msiska anakalandira ndi manja awiri, kukayandikiza kumaso, kukatalikitsa, koma zilembo sizinawerengeke. "Ichi chimanyamula anthu angati?" Ine osaphethira nkomwe: "Awiri, adada." Kodi chinandigwira nchiyani? Mpaka lero sindidziwa.

Pulani yanga inali yooneka bwino. Tikwere basi mpaka ku Salima, pamene tinkatsikira sitima ndili mwana, kuchokera pamenepo tikwere sitima mpaka ku Balaka, mdala akaone mayi anga ndi pakhomo pathu, pobwera azindiitana kuti mkweni, ndiko kuti mkamwini. Za chiphaso ndinati ndikakonza ndi wogulitsa matikiti mwakachetechete, mdala akuyang'ana kumbali. Towera yekha ndiye ananunkhiza kanthu.

"Iwe, wafunsa koma? Sitimayo ikuyendabe?"

"Ndifunse ndani? Ine ndinabadwira panjanji. Lachisanu masana imakhala ili pa Salima."

"Unaikwera liti komaliza?"

Ndinamuuza kuti asandiphunzitse za kwathu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ine ndinadya phulalo ndi njuchi zomwe.

Chimene sindinachiganizire nchakuti mkulu wa mpingo sanyamuka ulendo mobisa. Lamulungu analengeza m'tchalitchi. Anatiitanira kutsogolo tonse awiri, abusa anatisanjika manja, amayi a chigwirizano anaimba nyimbo ya ulendo. Ana a Sande sukulu analemba mafunso awo m'kope, akuti agogo akawabweretsere mayankho. Ine ndili pamenepo chifuwa patsogolo, kumwetulira ngati mwini wake wa njanji.

Lachisanu mmawa tinali padepoti, chifunga cha Mzuzu chili tolo. A Msiska anavala suti yakuda, juzi mkati, tayi, chipewa, m'manja muli kope lija ndi kathumba ka mazira owiritsa. Anandionetsa tsamba loyamba la kopelo. Anajambulapo sitima yawo ija ya pabolodi, ya utsi wopotanapotana, kuti akafanizire ndi yeniyeni. Msewu wonse, Nkhata Bay, Dwangwa, Nkhotakota, basi ikugwera m'maenje, iwo ankangouza aliyense wokhala pafupi kuti, "Ife tikukakwera sitima. Uyu mwana wa dalaivala."

Tinafika pa Salima cha m'ma thu koloko, mwezi wa Okutobala. Amene mumadziwa dzuwa la kumeneko mukudziwa kuti silicheza. Mdala thukuta kamukamu koma jekete osavula, akuti sitima sangaikwere ngati akupita kumunda. Tinalowera ku siteshoni ine ndili patsogolo, nditanyamula zikwama zonse.

Kunali zii. Ndili mwana pamalo amenewa pankakhala piringupiringu, ogulitsa nthochi, nsomba zokazinga, anthu atakhalira mitolo yawo. Tsopano pamene tinkadikirira sitima wina anayanikapo mphale, mbuzi ziwiri zitagona pamthunzi, kawindo ka matikiti kali kotseka. Panatulukira mlonda, bambo wa ndevu zaimvi, akutokosa m'mano.

"Tikuthandizeni akuluakulu?"

Ndinatulutsa kakhadi kaja, ndikuyesa kulankhula motsitsa. "Sitima ya ku Balaka inyamuka nthawi yanji?"

Mlonda anayang'ana khadi, anayang'ana ine, anayang'ananso khadi. "Kamwanaka ndinu? Makutu okha ndiye sanasinthe." Kenaka anakweza mawu ngati akulengeza maliro. "Achimwene, ya anthu inasiya kufika kuno kalekale. Imadutsa ya katundu, nayonso mwa apo ndi apo. Ndipo chiphaso ichi eni ake omwe ankachipereka anachoka, njanji inapita m'manja mwa ena. Mwachitenga kuti, m'manda?"

Ndinafunsa ngati tingakaipeze ku Balaka. Anati kumeneko imadutsadi, koma ya sabata imeneyo inali itapita kale. A Msiska anali chiimire kumbuyo kwanga, kope lili pachifuwa. "A Makwinja, akuti uli?"

Apa ndiye panali pogwada nkupepesa. Koma ine, Makwinja wopanda nzeru, ndinati, "Adada, alonda awa sadziwa ndondomeko. Dikirani, bambo anandiphunzitsa kumvera sitima ikadali kutali." Ndinatsikira panjanji, kugwada bwinobwino ndi buluku langa la tchalitchi, nkugunditsa khutu lamanzere pachitsulo chomwe chinakhala padzuwa la Salima kuyambira mmawa.

Mayo ine! Ndinamva kuti tswii, ngati nyama yagwera m'mafuta. Ndinalumpha, kukuwa, kupondetsa phazi pamiyala, nkukagwera m'mphale ya eni ake. Mbuzi zinabalalika. Mlonda anaseka mpaka kugwira khoma, ndipo ali mkati moseka anati, "Mwaimva? Ili pati?"

A Msiska sanaseke. Bola akanaseka, bola akanandilalatira. Anatsika pang'onopang'ono, anatulutsa mpango m'thumba, anaukulunga kudzanja, nkuwerama kugwira njanji ija. Anaisisita kanthawi, nkuyang'ana uko inkalowera m'tchire. "Ndiye njanji ndi iyi," anatero. Anatsegula kope, anayang'ana chithunzi chawo chija, anatseka. Ine nditakhala pansi, mphale mutu wonse, khutu likutukusira, ndinalakalaka sitima ya katundu ibwere ingondiponda.

Tinagona pa resitihausi, Loweruka tinabwerera. Kuchokera ku Salima mpaka ku Mzuzu mdala anandilankhula kamodzi kokha, pamene anandipatsa dzira nkunena kuti, "Idyani, angaonongeke." Ndinadziwa kuti za Towera zathera pamenepo. Ndinayamba kuganiza zopempha abwana anditumize ku sitolo yawo ina, kulikonse kopanda anthu a ku Katawa.

Lamulungu ndinafuna kujomba, koma Towera, yemwe ndinali nditamuululira zonse, anati, "Wawotcha wekha khutu, ukamve wekha manyazi." Ndinakhala benchi ya kumbuyo, khutu lili m'bandeji. Itakwana nthawi ya zolengeza abusa anati adada a Msiska atiuze za ulendo. Mdala anaimirira.

"Yewo chomene chifukwa cha mapemphero. Tinayenda bwino. Pa siteshoni tinafika. Njanji ndinaigwira ndi dzanja langa ili."

Nthungululu tchalitchi chonse. Iwo anafuna kukhala pansi, ndipo zikanathera pomwepo mdala akanatuluka wopanda banga. Koma mayi wina wa chigwirizano anakuwa kuchokera pakati, "Adada, nanga mkati mwake? Munakhala pawindo?"

Ndinaona mdala akutsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti anena zoona, kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri auza mpingo wake kuti anavalira mbuzi suti chifukwa cha ine. Sindinapirire. Ndinangopezeka ndaimirira.

"Pawindo penipeni! Anakhala pawindo mpaka ku Balaka!"

Mitu yonse inatembenukira kwa ine, kenaka kwa iwo. A Msiska anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo a chifunga aja. Kenaka anagwedeza mutu, kamodzi kokha, nkukhala pansi.

Basi mafunso anagwera ine. Khutu latani? Ndinati ndinasuzumira pafupi ndi injini. Imathamanga bwanji? Ndinati mitengo imachita kuthawira kumbuyo. Ana a Sande sukulu anafuna yankho la funso lawo loyamba, kuti imalira bwanji, ndipo abusa anati bwerani kutsogolo a Makwinja. Anzanga, munthu wamkulu ine, wa ndevu, ndinaima paguwa ndi bandeji kumutu nkulira kuti "Puuu! Puuu!" mpingo wonse ukuomba m'manja. Towera anabisa nkhope m'buku la nyimbo.

Titatuluka mdala anandikodola, tinapita kuseri kwa tchalitchi.

"A Makwinja, bambo anu ankayendetsa sitima?"

"Ayi adada. Ankamanga mabawuti."

"Enya. Ndinadziwa mutagwada paja. Mwana wa dalaivala sangaike khutu pansi. Ine chibadwire sindinanamepo m'nyumba ya Mulungu. Lero ndagwedeza mutu."

Ndinayamba kupepesa, misozi ili mbwembwembwe, koma anakweza dzanja.

"Uzani amalume anu abwere Loweruka tidzakambe za malowolo. Musaganize kuti mwandisangalatsa, yayi. Koma munthu wodziwa tchimo langa sangakakwatire kwina. Ndizikuonani pafupi."

Umu ndi mmene ndinapezera mkazi, anzanga. Ena amaloledwa chifukwa cha khalidwe, ena chifukwa cha ng'ombe, ine anandilola kuti ndisathawe ndi umboni.

Musayese ndinapambana. Chikwatire, pakhomo paja sipafika mlendo ine osaitanidwa. "Mkweni, bwerani muwalirire sitima." Pa Khirisimasi ndimalira, pa chinkhoswe cha mlamu wanga ndinalira, ana a ku Katawa akandiona pamsewu sapereka moni, amangoti puuu. Amayi a chigwirizano nawo akhala akundifunsa kuti chiphaso chija sichinganyamule anthu makumi atatu.

Chaka chatha ndinafunsa bwinobwino masiku ake, nkupita kwa mdala kuti tsopano tipite ku Balaka kwenikweni mukaikwere. Anakana. Anati maso apita, angakaone chiyani, ndipo a mpingo adzafunsa ngati yoyamba ija siinawakwane. Kenaka anapapasa mpando wanga, kuusendeza pafupi, nkutsitsa mawu kuti amayi a Towera m'nyumba asamve. "Ingondiuzani bwino, mkweni. Mkati mwake mumaoneka uli? Mipando imayang'ana kuti?" Ndinawafotokozera zonse zimene ndikukumbuka, mabenchi a matabwa, nkhuku pansi pa mipando, bambo anga akutibayibitsa ali m'mbali mwa njanji ndi sipanala paphewa. Anamvetsera ngati mwana wa sukulu. Pobwerera kunyumba kwanga ku Luwinga ndinalira m'minibasi, kondakitala nkumayesa ndaferedwa.

Kakhadi kaja ndinakabwezera m'Baibulo, ndipo kadzatuluka ine ndili m'bokosi. Ndinalumbira kuti sindidzalonjezanso munthu ulendo ndisanafunse, ngakhale wa kabaza wochoka pa Luwinga kupita m'tauni. Ndipo wina akandifunsa kuti kodi ku Balaka kumadutsa sitima, ndimagwira khutu langa ili nkunena kuti sindikudziwa, ine kwathu ndimangoonako mabasi.