A Mpini ndi Mdima wa Lolemba

Pa mdadada wa mashopu uja, ukafuna kuvina unkayamba wayang'ana kumbuyo. A Mpini, mkulu amene anapuma pantchito yolumikiza magetsi, ankayenda ndi mpini wa khasu wouma gwa, ndipo akangoona munthu akunjenjemera pafupi ndi waya, phaa! Kufunsa ankafunsa pambuyo.

Woyamba kulawa anali telala. Tsikulo ankasita suti, wailesi ikuimba, iye akugwedeza mapewa. Anangozindikira mkono wachita dzanzi, ayironi ili pansi.

"Mwapulumuka, achimwene," anatero a Mpini ali wefuwefu.

"Ndapulumuka chiyani? Ndimavina ine!"

"Kuvina kwanji kosasuntha miyendo?"

"Nanga osangondigwira paphewa n'kundifunsa bwanji?"

"Wogwidwa ndi magetsi sakhudzidwa ndi manja. Mukufuna maliro akhale awiri?"

Mpaka dzuwa kulowa, telala sankadziwa ngati athokoze kapena akasume.

Kusaluni nako sikunaphweke. Soketi itayamba kufuka utsi, mayi wa saluni anathamanga ndi ndowa ya madzi. A Mpini anaimenya ndowayo ili m'mwamba, madzi onse khuthu pamutu pa kasitomala amene anali atangomaliza kuwambitsa tsitsi.

"Moto wa magetsi sathira madzi, mwana wanga! Thimitsa kaye kuswichi yaikulu!"

"Ili kuti swichiyo?"

Funso limenelo ndi lomwe linatibweretsera mavuto tonse. Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse m'mawa a Mpini ankathimitsa magetsi mdadada wonse popanda chenjezo, kuti aone amene afike msanga pa bokosi la swichi la kuseri. Makina osokera zii. Wometa ankatuluka akutukwana, m'mbuyo mwake muli bambo wometedwa mbali imodzi.

"Mwachedwa," ankatero a Mpini modekha. "Panopa telala wafa kalekale."

"Bwanji nthawi zonse wakufayo ndimakhala ine?" ankadandaula telala.

A Mpini atamwalira, mlongo wawo anabwera kudzalongedza katundu, ndipo mpini uja anausiya kwa telala, poti malemuwo anatero. Telala anadabwa: munthu kukumenya, n'kukusiyiranso chomenyeracho?

"Simukudziwa?" anatero mayiwo. "Ali anyamata, waya unawagwira kuntchito. Mnzawo wapamtima anawakoka ndi manja. Achimwene anapulumuka, mnzawoyo anatsala pomwepo."

Telala anaimika mpiniwo kuseri kwa chitseko.

Patapita miyezi iwiri, mkazi wa telala anabwera kudzathandiza kusita, manja ali onyowa ndi zochapa. Wailesi inkaimba. Telala atadzutsa mutu pamakina, anaona mayi a kunyumba ayimirira njo, agwira ayironi, mapewa akugwedezeka. Akuvina kodi? Koma iwowa chikwatiraneni sanavinepo! Anawaitana, osayankha. Dzanja lake linali litatsala pang'ono kuwafika paphewa pamene anaona kuti miyendo sikusuntha.

Mmene anaufikira mpini, iye sakumbuka. Anakantha chingwe, ayironi inafwanthuka m'manja, mayiwo khu pansi. "Swichi!" anakuwa, koma magetsi anali atathima kale. Wometa uja, wotukwana uja, anali atafika pabokosi ngati mphezi.

Kuchipatala mayiwo atatsegula maso, anayang'ana bandeji kudzanja, kenako mwamuna wawo.

"Ndamva kuti munanditengera mpini, inu bambo ake."

"Sindine," anatero telala, misozi ili mbwembwembwe. "Ndi a Mpini."

Masiku ano pamdadada paja anthu amavina mwaufulu, palibe wowazemberera kumbuyo, ndipo kunena zoona, tawasowa mkulu uja. Lolemba limangodutsa ngati tsiku wamba, makina akulira osalekeza. Telala zimenezi zinkamusowetsa mtendere, osadziwa chifukwa chake.

Lolemba lapitali anadzuka pamakina, n'kuzungulira kuseri, n'kutsitsa swichi. Ponseponse zii. Wometa anatulukira akuthamanga, chitukwano chili kale pakamwa, koma ataona telala atatsamira mpini, anaima n'kumeza mawu.

"Ndachedwa?" anafunsa chapansipansi.

"Ayi," anatero telala. "Lero ndili moyo."