Mabelo Otsiriza a Thonje

Lolemba
Madzi a Shire akwera zala ziwiri pa mtengo woyezera wa padoko. Si zoopsa. Koma mabelo otsiriza a thonje ayenera kulowa m'sitima ya pamadzi Loweruka, ndipo Bwana wa kampani, popita ku Blantyre, wasiya ntchitoyi m'manja mwanga monga kalaliki wamkulu. Amuna onyamula katunduwa ndimawadziwa. Mabanja awo ali kumadimba a kwa Mlolo, ndipo akangoganiza za chigumula, onse adzapita kukasamutsa ana. Mtengowo sauwerenga. Amawerenga nkhope yanga ndikamachokera kumtsinje. Chotero ndatsimikiza mtima kuti sabata ino:
1. ndisakwinye nkhope;
2. ndisafulumire poyenda;
3. ndisause moyo pamaso pa munthu.

Lachiwiri
Chala chimodzi chawonjezeka. Ndikuchokera kudoko ndikumwetulira. A Zuze, kapitawo wathu, agwetsa singano yosokera mabelo. "Baba, zaka zonsezi mano anu sitinawaonepo. Kwagwanji?" Ndawayankha kuti zonse zili bwino. Iwo akuti "Pyadidi," kuvomera m'Chisena kuti zili bwino, koma maso ali kumtsinje. Masana amuna awiri apempha kukaona odwala kumudzi. Masaya akundiwawa.

Lachitatu
Madzi sanasunthe. Kumwetulira ndaleka. M'malo mwake ndikuimba chapansipansi, monga achitira munthu wa mtima wokhazikika. Nyimbo imene ndimaidziwa ndime zake zonse ndi imodzi yokha, ya kumishoni. Ndakumbukira nditafika pa ndime yachitatu kuti timaimba potsitsa maliro m'manda. M'shedi yosungira mabelo ntchito yaima. Amene ali ndi zipewa avula. Odwala akumudzi aja tsopano akwana asanu ndi awiri.

Lachinayi
Madzi atsika chala chathunthu. Nkhani yabwinoyi ndailengeza nditaimirira pa belo, m'Chimang'anja ndi m'Chisena, kuti pasakhale wonena kuti sanamve. Ndalakwitsa kwambiri. Chiyambire ntchito sindinalengezepo za madzi. Kuseri kwa mabelo wina akunong'ona: "Madala akafika pokwera pamwamba chonchi, ndiye kuti aona zimene ife sitinaone." A Zuze akokera bwato lawo pamtunda nalimangirira pa mzati wa shedi. Akuti likufuna phula. Ineyo ndabwerera kumtengo kanayi. Kodi ndikuwerenga bwino? Maso angawa si akale aja.

Lachisanu
Zimene ndapeza kunyumba masana: mphasa zokulungidwa, nkhuku m'madengu, Baibulo langa mumphika. Mbuzi zatsogola kale ndi alamu anga. Akazi anga amva kuchitsime kuti chigumula chifika mawa, ndipo kuti wanena ndi munthu wodziwa za madzi wa kukampani. Ndawauza mwaulemu kuti munthu wodziwa za madzi kukampani ndine ndekha. "Ndiye mukutsutsa chiyani, bambo?" Kodi anthu ochuluka chotere angalakwe onse pamodzi? Mwina mtengowo unapendekeka ine osadziwa.

Loweruka
Sitima yalira padoko. M'shedi tatsala awiri, ine ndi a Zuze. Tagubuduza belo limodzi mpaka pakhomo, msana wanga wakana. A Zuze andiyang'ana, inenso ndawayang'ana. Amene wayamba kuyenda sindikumudziwa. Ndikulemba izi kumphala, pa mtunda wouma, pakati pa mbuzi za eni ake. Ndifuna zidziwike kuti sindinathamange kufikira titadutsa njanji.

Lamulungu
Kumwamba kwayera. Shire ali phee m'malo mwake. Sitima yapita, thonje latsala. Onyamula katundu onse ali pano ndi mabanja awo, akuwotcha milamba mosangalala, ndipo akubwera mmodzimmodzi kudzandithokoza powachenjeza nthawi ilipo. Mthenga wafika ndi kalata ya Bwana, amene anabwerera dzulo. Akuti ndifufuze amene anayambitsa manthawa, ndilembe dzina lake, kuti mawa achotsedwe ntchito. Ndafufuza mosakondera, monga anatiphunzitsira. Dzinalo ndalilemba m'zilembo zooneka bwino, monga ndimalilembera posaina makalata anga, ndipo pepala ndapinda. A Zuze akuti mawa andiperekeza.