A Nthanda Oboola Zigubu

Kwathu kwa Kaomba, zigubu zinkaopa munthu mmodzi yekha, malemu a Nthanda. Ankayenda ndi msomali wautali m'thumba la jekete, ndipo akangoona chigubu chomwe munali mankhwala opopera fodya, ankachiboola kunsi osapempha mwini wake. Ntchito imeneyi ankaitcha sefuti.

Mawuwo anawatola ku esiteti komwe anali atenanti kalekale. Ukawafunsa tanthauzo, ankayamba akonza kolala. "Ndi Chingelezi chimenecho. Ndiye kuti kuipirikitsa ngozi isanapeze pokhala m'nyumba mwako."

Tsono kwa iwo chilichonse chinali sefuti. Kumangirira mbuzi, sefuti. Kulambalala pakhomo pa apongozi, sefuti. Ngakhale kusinza m'tchalitchi ulaliki ukatalika, ati sefuti ya mutu.

Amayi a m'mudzi sankafuna n'kuwaona komwe. Mai Feggie, oyandikana nawo nyumba, anakwecha chigubu chawo ndi sopo ndi mchenga, n'kuchikwirira m'nkhokwe pansi pa chimanga. Tsiku lomwe anapita nacho kumjigo, madzi anawayenderera m'khosi mpaka kunyowetsa chitenje.

"A Nthanda, munalowa bwanji m'nkhokwe mwanga?"

"Ndinakwera, mayi."

"Chigubu chija ndinatsuka ine."

"Mankhwala samva sopo."

"Mwandilakwira kwambiri."

"Ndakulakwiranidi. Koma ana anu mawa adzuka."

Ife tinkangoseka, n'kumati mutu wa mkuluyu sukoka bwino. Zoona zake tinazimva pamaliro awo, kwa akazi awo a Fainala, eni ake ali gone m'bokosi. Ku esiteti kuja anali ndi mwana wamkazi, wachisamba. Chigubu chosungiramo thobwa chinali cha mankhwala, ndipo anabwera nacho pakhomo ndi a Nthanda omwewo, atangochitsukuluza, akunyadira kuti atola chinthu chabwino. Mwanayo anamwa masana, ndipo kuchipatala sanafikeko.

"Kuyambira tsiku limenelo dzina lake sanalitchulenso," anatero a Fainala. "Anangofunafuna msomali."

Tonse amene tinkaseka tinazyolika.

Chaka chino fodya wachita bwino, ndiye zigubu zachuluka. Pamjigo zimandandalikana zathunthu, zosadontha, zina chithunzi cha chigaza chikuonekabe pambali. Palibe akubisa kanthu, palibenso akukangana ndi munthu. Mudzi wangoti zii, ndipo ine zimandiwawa.

A Fainala anasiya kutunga pamjigo wathu. Ndi miyendo yawo yotupayo amatsetsereka mpaka kudambo, ati sangathe kuima pamzere n'kumaonerera ana a eni akumwera m'zigubuzo.