Nkholokolo Yophika Chijapani

Mukandiona ndikulimabe mpunga ku Lifuwu, kwawo kwa mkazi wanga, musandifunse za chitengwa. Ndimapsa mtima.

Anayambitsa zonsezi ndi Mjapani wina amene ankatiphunzitsa ulimi kusikimu ya mpunga. Tsiku lina anandionetsa pafoni nsomba ya kwawo yooneka ngati kabokosi, khungu lake lolimba ngati chigoba. Akuti amaitumbula, kuchotsa mnofu, kusakaniza ndi anyezi ndi soya wosasa wamchere, kubwezera m'mimba momwemo, n'kuiwotcha chagada. Mphika ndi nsomba yomweyo, mbale ndi yomweyonso. Ndinasirira (matenda anga ndi amenewo).

Ndiye kunabwera a Chimbalanga, malume ake a mkazi wanga, kudzamva pempho langa loti nditenge banja tikakhale kwathu ku Khombedza. Mayi a kunyumba anali atagwira kale tambala.

"Mtayeni ameneyo," ndinatero. "Lero malume alawa zakunja."

"Bambo a Yamikani, mlendo amadya nkhuku."

Sindinamve. M'nyanja yathuyi mulibe nsomba ya bokosi, choncho ndinakagula nkholokolo, poti nayonso mutu wake ndi gwa. Poitumbula, munga wake unandilasa pachala. Amene inamulasapo akudziwa, ndinavina popanda ng'oma. Soya wosasa uja panalibe, ndinathira nsinjiro, n'kuigoneka chagada pamakala. Koma abale, nkholokolo si bokosi. Mimba inaphulika, nsinjiro zonse pamoto, utsi tolotolo, kutsala mutu ndi minga basi.

Ndinaperekabe (manyazi ndinali nditawameza), chala chili chomanga kansanza. A Chimbalanga anayang'ana m'mbale, kenako anayang'ana pabwalo. Tambala uja, mfiti yeniyeni, anasankha nthawi yomweyo kulira.

"Akamwini, ichi n'chiyani?"

"Ndiwo za ku Japani, malume."

"Oho. Ku Khombedza mumadya zimenezi?"

Anapukuta m'manja osakhudza ngakhale mpunga. "Mwana wathu ayambe wakhala konkuno. Kuno nkhuku ziliko."

Mjapani uja anabwerera kwawo, kaya akudya bokosi lake mwamtendere. Mkazi wanga amati wolakwa ndine. Bodza! Njira ndinaitsata bwinobwino, yolakwa ndi nyanja yosowa nsomba zoyenera.

Chondiwawa kwambiri ndi tambala uja. Mkazi wanga akukana kuti ndimuphe, akuti akusungira tsiku limene malume adzabwerenso. Sanabwerebe, ndipo m'mawa uliwonse tambalayo amadzalirira pawindo langa penipeni.